Chingerezi cha Mlamu Wanga Lukasi

Ana anga, maso ayamba kundichita chidima ndipo dzanja silichedwa kutopa, choncho za ubwana wanga ndizilumpha. Mulibe kanthu mmenemo koma mbuzi, mphere ndi kuzizira. Ndiyambira pa ntchito, chifukwa zimene mumafunsana ndikatuluka m'nyumba zinachokera kumeneko.

1909

Uphunzitsi sindinachite kuufunafuna. Ndinali nditangobwera kuchokera ku Kabula, kumene ndinakhala zaka zingapo m'sitolo ya mzungu wogulitsa nsalu ndi mchere. Masana ndinkasenza mitolo, madzulo ndinkapita kusukulu ya anthu antchito. Chingerezi changa ndinachitola mbali ziwirizo, cha m'buku kusukulu, chotukwana kusitolo. Nditabwerera kuno kumapiri ndinapeza ansembe atamanga mishoni, ndipo atamva kuti kuli mnyamata wodziwa kuwerenga, ananditumiza kukatsegula sukulu ya m'mudzi cha ku Chimbiya, ndisanabatizidwe n'komwe. Sukuluyo inali chisakasa cha udzu chimene mphepo ya mwezi wa June inkalowa mbali iyi n'kutulukira mbali inayo. Masileti kunalibe. Tinkalemba pansi ndi timitengo, ndipo nkhuku zikadutsa phunziro linkathera pomwepo. Ana ankabwera mbalame zikaleka kuvuta m'minda, ambiri atangomanga kansanza m'chiuno, mano akugundana, mwakuti ndinkayamba ndawaothetsa dzuwa pathanthwe kenaka n'kuyamba A, E, I. Malipiro anga anali nsalu ndi mchere, ndipo zinkafika pamene wakunyamula wakumbukira.

M'mudzi momwemo ndinapeza mayi anu, Marita NaBanda. Kwathu kwa Angoni mkazi ndiye amatsata mwamuna, choncho abale anga anandiseka kwambiri atamva kuti mwana wa a Ngozo akukalowa chikamwini kwa Achewa. Ine sindinasamale. Koma mudziwe chimene chikamwini chinali masiku amenewo. Nyumba ndinamanga ndine, koma malo anali awo. Munda ndinkalima ndine, koma unali wa apongozi. Ana obadwa m'nyumbamo anali a mbumba yawo, ine ndinali mlendo woti akatopa naye amuuza njira. Apongozi anga aakazi tinkapewana monga mwa mwambo: tikakumana m'njira wina ankapatukira kutchire, ndipo nkhope yawo sindinkaidziwa bwino. Ana awo amoyo anali awiri okha, Marita ndi mlongo wake wamng'ono, Lukasi, amene anali m'kalasi mwanga.

1913

Chaka chimenechi anandiitanira ku mishoni. Anyamata athu anali atayamba kuthawira kusukulu za mipingo ina chifukwa kumeneko kunali Chingerezi, ndipo aliyense ankadziwa kuti ukalaliki wa pa boma umatsata Chingerezi. Ansembe athu anali a Chifalansa. Chinyanja ankachilankhula mpaka kutikonza eni akefe, koma Chingerezi chinkawakakamira pakhosi. Mkulu wa sukulu tinkamutcha Bambo Chindevu, munthu wolimbikira, wosachedwa kupsa mtima, amene ankakhulupirira kuti chinthu chilichonse padziko chimaphunziridwa monga katekisimu. Anandipatsa kalasi ya anyamata akuluakulu, ena ndevu zitamera kale, ndi buku limodzi lothothoka chikuto. Ndime iliyonse ndinkaikopera pabolodi. Choko chikatha tinkakumba dothi loyera kudambo n'kuliumba ngati zala, ndipo linkakanda bolodi mpaka mano kuyayamira. Sabata yonse ndinkagona ku mishoni pamodzi ndi Lukasi, Loweruka n'kupita kumudzi kumene mayi anu anali ndi khanda, iwe Rozina.

Bambo analamula kaphunzitsidwe kake. Kalasi yonse iwerenge ndime mokweza mpaka isalale, kenaka ine ndifunse mafunso m'Chingerezi, iwo ayankhe m'Chingerezi, kuti tione ngati amvetsa. Chinyanja m'kalasimo chinali choletsedwa. Poyamba ndinasangalala, chifukwa mayankho ankabwera olongosoka, ndipo wotsogola anali Lukasi. Mnyamatayo Mulungu anam'patsa khutu ndi lilime. Mawu akawamva kamodzi basi atengeka, ndipo ngakhale tsamba loti sanalionepo ankaliwerenga osapunthwa, mawu akumveka ngati belu la pa Misa. Kukabwera alendo, Bambo ankamuimika patsogolo, iye n'kuwerenga, alendo n'kumagwedeza mitu. Kumudzi ankamutcha Kalaliki asanagwirepo cholembera cha boma.

M'bukumo munali nkhani ya munthu wina wachigayo amene kavalo wake anasochera m'chisanu chogwa kumwamba, mpaka mwana wake wamkazi anakam'peza. Tinakhala pa nkhaniyi miyezi. Tsiku lina, chifukwa chongotopa ndi kubwereza, ndinayambira funso lomaliza m'malo mwa loyamba. Ndinafunsa kuti kavalo anam'peza ndani. Lukasi anaimirira msanga, n'kuyankha mokoma kuti munthuyo ankagwira ntchito pachigayo, limene linali yankho la funso loyamba. Ndinafunsa lina la pakati, iye anandipatsa yankho lachiwiri. Kalasi yonse sinaone cholakwika. Nditawatulutsa anzake ndinam'khazika pabenchi.

"Lukasi, tandiuza m'chinenero chathu, kavalo uja anam'peza ndani?"

"Kavalo uti, alamu?"

"Wa m'nkhaniyi, iwe! Takhala naye chiyambire kukolola."

Anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za pachilamu. Ataona kuti sindikuseka anati, "Koma mayankho ndimakhoza onse. Inuyo mwasokoneza mafunso lero."

Apo m'pamene ndinazindikira. Anyamatawo anakulira pa katekisimu, kumene funso lililonse lili ndi yankho lake loikika, ndipo amatsatana osasintha. Ankaganiza kuti Chingerezi nachonso n'chimodzimodzi. Madzulo ankaphunzitsana mayankho m'ndondomeko yake, ndipo mphunzitsi wawo anali Lukasi. Ndinapita kwa Bambo Chindevu kukadandaula.

"Bambo, ana aja akuimba, sakuwerenga. Ndiloleni ndiziwafunsa m'Chinyanja."

"Mukalowetsa Chinyanja, Chingerezi chithawa," anatero akusisita ndevu. "Katekisimu anayamba ndi kuloweza, lero ndi Akhristu. Kumvetsa kudzabwera kokha. Kodi alendo adandaulapo?"

"Alendo safunsa, Bambo."

"Ndiye inunso musadzivute."

Sindinawamvere kwenikweni. Bambo akapita kukayendera midzi, ndinkatseka buku n'kumafunsa m'chinenero chathu: m'nkhaniyi wanjala ndani, wakwiya ndani, ukanakhala iwe ukanatani? Mmawa wina ndinawatengera kudambo kukagwira chisanu choyera pa udzu, kuti adziwe chimene chinasocheretsa kavalo. Bulu wa mishoni ndinam'bwereka kuti akhale kavalo, mnyamata mmodzi akhale wachigayo, ndipo tinasewera nkhani yonse pabwalo mpaka buluyo anatithawa. Ena anayamba kutsegukira. Ankawerenga mochita kudodoma, koma ukawafunsa ankaima n'kuganiza. Lukasi ayi. Mawu ankalowa m'mutu mwake n'kukhala momwemo osasendedwa, ngati mtedza wa m'makoko. Ndipo poti aliyense ankamuyamikira, sankaona chifukwa chovutikira. Ndikam'panikiza ankati, "Alamu, nsanje basi. Bambo amati ndimawerenga kuposa inu." Pa zimenezo sankanama.

1916

Nkhondo ya azungu inali kumpoto, kutali, koma katundu wake ankayenda pamitu pathu. Amesenjala a boma ankazungulira m'midzi kugwira amuna amphamvu kuti akakhale amtengatenga. Obwerako ankabwera mafupa okhaokha, mapazi atang'ambika, ndipo ambiri sankabwera. Osagwidwa anali antchito a boma ndi ife aphunzitsi. Lukasi anali atakula, wamtali, wa mapewa otambalala, ndendende munthu amene amesenjala ankafuna. Kawiri konse anagona m'mapanga a m'phiri la Dedza powathawa.

Ndiye kunamveka kuti dokotala wa pa boma akufuna mnyamata wodziwa kuwerenga Chingerezi woti akagwire ntchito pa kachipatala ka m'njira ya amtengatenga, ndipo adzabwera yekha ku mishoni kudzasankha. Bambo anali atatchula kale dzina la Lukasi. Loweruka limenelo ndili kumudzi ndikusema mpini, ndinamva kukhosomola kuseri kwa nkhokwe. Anali apongozi. Chikwatire changa anali asanandilankhulepo okha popanda wotuma.

"Atate a Rozina, mulipo?"

"Ndilipo, amayi."

"Ndamva kuti mzungu wa mankhwala akubwera. Ana ndinabereka ambiri, nthomba inandisiyira awiri. Wamwamuna ndi yekhayu. Adzasamale mbumba ino ndani? Mwana wanuyu malume ake ndi ameneyu. Ndam'pereka m'manja mwanu."

"Ndamva, amayi," ndinatero. Sindinalonjeze kanthu, koma iwo anachoka ngati olonjezedwa.

Masiku otsalawo ndinam'gwira Lukasi ngati ng'ombe yophunzira goli. Ndinkalemba pasileti timawu tachidule, toti tenga madzi pang'ono, usamwe ichi, bwera mawa, n'kumuuza kuti achite chimene wawerengacho. Ankawerenga mokoma, kenaka n'kumandiyang'ana kumaso kuti apeze yankho pamenepo. Nthawi ino anayesetsa, sindim'namizira. Koma zaka zitatu zotayika sizibwezedwa ndi sabata.

Dokotala anafika pa njinga masana, wotopa, maso ofiira, wofulumira kubwerera. Anapatsa Lukasi moni, Lukasi n'kuyankha bwino, poti moni tinkaloweza. Anatulutsa buku lake la mankhwala n'kuloza tsamba, Lukasi analiwerenga lonse osapuma, ndi mawu ovuta omwe. Dokotala anadabwa. Bambo Chindevu ankamwetulira ngati kholo pa ukwati. Ine ndinaima kukhoma n'kumapemphera kuti munthuyo akwere njinga yake osandiona. Atatseka buku anatembenukira kwa ine, n'kundifunsa m'Chingerezi ngati mphunzitsi wake ndine. Ndinavomera. Ndiye anati:

"Tamverani. Ine sindikhala malo amodzi. Mnyamatayu azitsala yekha masabata, ndizingom'lembera zochita. Mabotolo anga amafanana. Ena ndi akumwa, ena ndi otsukira zilonda, ndipo munthu akamwa amenewo safika madzulo. Kuwerenga ndamva. Koma kodi amamvetsa zimene akuwerengazo?"

Ndinayang'ana Lukasi. Anaima chilili, manja kumbuyo, malaya atachapa dzulo lake. Ndinaganiza za mawu a kuseri kwa nkhokwe. Ndinaganizanso za amtengatenga amene ndinawaona akudutsa pamsewu, ana a eni ake, akugwa ndi kamwazi, oti adzatsegula pakamwa kulandira chilichonse chimene mnyamata wa chipatala wawapatsa. Ndinati, "Bwana, amawerenga kuposa tonse pano. Koma samvetsa."

"Ngakhale pang'ono?"

"Pang'ono pokha. Posakwanira mabotolo."

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti Lukasi ankamwetulira nthawi yonseyo. Ankamva dzina lake likutchulidwa, n'kumayesa kuti mlamu wake akumuyamikira. Ndinapempha dokotala kuti am'tenge ngakhale wotunga madzi kapena wosesa, koma anati oterowo ali nawo ambiri. Ndinatchula anyamata ena omvetsa bwino, anawayesa, koma kudodoma kwawo kunam'tayitsa mtima. Anati akafuna munthu kum'mwera, nakwera njinga.

Bambo Chindevu anapsa mtima kuti ndanyazitsa sukulu pamaso pa boma. Nditawapempha kuti alembe Lukasi uphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi kuti apulumuke, anati boma likuwerenga aphunzitsi athu mmodzimmodzi ndipo silikulola kuwonjezera. Mwina zinali zoona, mwina unali mkwiyo, sindidziwa. Loweruka ndinapeza mayi anu kudimba akuthirira mpiru, ali ndi pakati pa iwe Petulo. Ndinawauza ndekha zonse, osabisa mawu amodzi. Anatula mtsuko pansi.

"A Ngozo, anakufunsani ndani kuti mukhale woweruza?"

"Anandifunsa dokotala, NaBanda."

"Mukanangoti inde. Liwu limodzi. Anthu amene mukuwalirirawo mukuwadziwa? Mayina awo ndani? Lukasi mumadya naye mbale imodzi."

"Akanapha munthu."

"Mwina akanapha, mwina sakanapha. Koma inu mwam'pereka."

Amesenjala anam'gwira Lukasi mvula isanayambe, akuchokera kotema nsungwi. Ndinathamangira pa boma n'kupeza ogwidwa onse atawandandalitsa, aliyense ndi katundu wake patsogolo. Lukasi anali atamva kale zonse kwa mlongo wake. Sanatukwane. Anangoti, "Alamu, ndikanakaphunzira komweko. Mumati ndine wopusa choncho?" Ndinati sindinanenepo kuti ndi wopusa. Ndinam'patsa bulangete langa ndi nsapato za matayala, iye analandira ndi manja awiri monga mwa ulemu wake, kapitawo n'kuliza wezulo.

1917

Ndinapitiriza kuphunzitsa, poti belu silifunsa za mtima wa munthu. Kalasi inachepa, anyamata ena atagwidwa, ena atathawira ku Halale. Bambo analeka kulowa m'kalasi mwanga, choncho ndinkafunsa m'Chinyanja momasuka, koma chikondi cha ntchito chinali chitandithera. Kumudzi Loweruka ndinkadya ndekha. Chimanga chitayamba kucha kunabwera mnyamata wa mudzi woyandikana nafe amene anapita gulu limodzi ndi Lukasi. Anati Lukasi anadwala kamwazi m'njira, anayenda mpaka miyendo inakana, ndipo anam'siya pansi pa mtengo ndi chikho cha madzi. Dzina la malowo sankalidziwa. Tinalira maliro opanda mtembo.

Maliro atatha, ndili pakhonde, apongozi anabwera poyera, osakhosomola, osabisala, n'kuima patsogolo panga. Aka kanali koyamba kuwaona bwino nkhope, ndipo inali nkhope ya Lukasi.

"Ndiyang'aneni," anatero. "Ulemu uja watha. Ndinakupatsani mwana wanga wamkazi, ndinakupatsani munda, wamwamuna ndinam'pereka m'manja mwanu. Ali kuti?"

Ndinangowerama.

"Mudzi uno muchoke. Marita ndi wamkulu, asankha yekha. Wakhandayo akuyamwa, apite ndi amake. Koma Rozina ndi wa mbumba ino, sachoka. Inunso mudziwe mmene khomo limakhalira mwana akachokapo."

Mwa mwambo wawo panalibe mlandu woti n'kukasuma. Ndinapita kwa Bambo Chindevu, ndipo anayesa, ndiwayamikire pamenepo. Anayenda okha mpaka kumudzi, koma apongozi anawatsekera chitseko. Chimene anatha kuchita n'kundisamutsira kusukulu ya m'mudzi cha ku Linthipe, kumene kunalibe Chingerezi, kubwereranso ku A, E, I ndi timitengo. Ndinapita ndekha ndi mphasa ndi kabokosi. Mayi anu anandipeza patapita miyezi, Petulo ali kumbuyo. Anatula mtolo n'kunena kuti, "Ndabwera chifukwa ndinalumbira m'tchalitchi. Za Lukasi musadzandifunse." Takhala limodzi mpaka imvi, ndipo sindinawafunsepo.

1919

Nkhondo inatha, chimfine chachikulu chinadutsa n'kutseka sukulu ndi njira, ndipo zitatseguka mayi anu anakandipemphera chilolezo kwa apongozi kuti ndikakuone iwe Rozina. Anabwera ndi yankho loti ndikhoza kufika masana, osagona. Ndinanyamuka mmawa ndi kansalu kamaluwa ndi nzimbe, ndipo njira yonse kukwera mapiri ndinkakonza zoti ndikanene. Ndinkati ndikakunyamula, kenaka ndinakumbukira kuti wakula, ndiye ndinati ndikangokugwira pamutu.

Anandiyalira mphasa patsinde pa mtengo kunja kwa mudzi, monga amachitira ndi munthu wodutsa. Ndinadikira mpaka mthunzi unasuntha. Kenaka unatulukira iwe Rozina, utatalika, mano akutsogolo atagweruka, agogo ako ataima patali. Unayenda bwinobwino, n'kugwada chapatali ndithu monga anakuphunzitsira, n'kuwomba m'manja.

"Muli bwanji, aphunzitsi?"

Ndinayesa kuseka. "Iwe, sukundidziwa ine?"

"Ndikukudziwani. Ndinu aphunzitsi a malume."

Ndinakupatsa nsalu ija, unathokoza mwaulemu, n'kufunsa ngati ungapite. Ndinati pita, mwana wanga. Lero uli ndi zidzukulu, umandiphikira, ndikadwala umabwera woyamba, ndipo abale ako amayesa kuti dzina la aphunzitsi limene umanditchulalo ndi nthabwala yako. Sindinakuletsepo, chifukwa sindinaone kuti ndili ndi mphamvu yokuletsa. Koma poti ndalemba zonse ndipo waziwerenga, ndikupempha, usanandiike m'manda, udzanditchuleko atate ngakhale kamodzi.